Ndikufuna kugula Sienta ya nambala ya ku Zambia, ndiyambire pati kuti ilembetsedwe kuno?

Membala wosatchula dzina:
Akuluakulu ndi amayi a pa gulu lino, ndithandizeni nzeru. Pali Toyota Sienta ya 2010 yomwe ikugulitsidwa ku Lusaka. Ili ndi nambala ya ku Zambia, mwini wake akuti white book (buku la umwini wa galimoto la ku Zambia) ilipo, ndipo duty inalipiridwa kale ku ZRA, bungwe la misonkho la kumeneko, pamene inkalowa kuchokera ku Japan. Mtengo wake ndi wotsikirapo poyerekeza ndi zomwe zili pa msika wa ku Lilongwe, ndiye maganizo ndi oti ilowe pa Mchinji. Kodi poti duty inalipiridwa kale uko, kuno MRA itenganso? Ndi mapepala ati oti ndisachoke ku Zambia ndisanawagwire m'manja? Nanga ikalowa, ku Road Traffic ndiyambira pati mpaka blue book ituluke m'dzina langa? Ndalama sindinapereke ngakhale pang'ono, koma wogulitsa akufulumizitsa kuti nditumize theka chifukwa akuti pali enanso akuifuna.

Wokiliya katundu pa boda:
Akulu, theka limenelo lisungeni kaye, ndipo tiyambe ndi yankho lowawa. Duty yomwe inalipiridwa ku ZRA inali ya boma la Zambia, MRA siichotserapo ngakhale tambala. Galimotoyo ikafika pa Mchinji amaiona ngati ikulowa m'Malawi koyamba, ndipo mulipira import duty, excise ndi VAT monga amene waitenga pa doko la Dar es Salaam. Ena akuuzani kuti poti maiko awiriwa ali mu COMESA ndi SADC ndiye za ku Zambia zimalowa ulere. Mwayi umenewo ndi wa katundu wopangidwa m'maiko a m'mabungwewa, wokhala ndi certificate of origin, pepala lotsimikizira komwe anapangidwa. Sienta inapangidwa ku Japan. Kuyenda m'misewu ya Lusaka zaka zingapo sikuisandutsa ya ku Zambia.

Ndiye mtengo wotsikawo muuone bwino. Mkati mwake muli kale msonkho wa ku Zambia umene mwini wake akufuna abwezeko, inu n'kudzaikanso wa ku Malawi pamwamba. N'chifukwa chake nthawi zambiri galimoto yolembetsedwa kale m'dziko lina imatha kudula kuposa ya IT yochokera ku Dar, yomwe imadutsa ku Tanzania osalipira duty ya kumeneko.

Chachiwiri, musaganize kuti MRA ingotsatira ndalama yolembedwa pa kalata yogulitsira. Magalimoto ambiri akale a ku Japan ali pa mndandanda wawo, pomwe msonkho umatsatira mtundu wa galimoto, kukula kwa injini ndi chaka chomwe inapangidwa. Mukalemba mtengo wabodza wotsika simupindula kanthu, mungodzikokera mafunso. Zaka amazigawa patatu: mpaka zaka 8, kuyambira 8 mpaka 12, ndi zopitirira 12. Ya 2010 inadutsa kale zaka 12, ndiye ili m'gulu lolipira excise yokwera. Chokuthandizani n'choti injini yake ndi 1496cc, siinafike 1500, poti msonkho umakwera injini ikamakula.

Kwa galimoto yomwe akuwerengera ndi maperesenti, misonkhoyi imakwerana pamsana. Tingoyerekeza kuti aiyesa K10 miliyoni. Duty ya 25 peresenti ndi K2.5 miliyoni, zakwana K12.5 miliyoni. Excise amaiwerengera pa K12.5 miliyoniyo, osati pa K10 miliyoni. Titati ndi 30 peresenti, ndi K3.75 miliyoni, zafika K16.25 miliyoni. VAT imabwera pamwamba pa zonsezo, ndipo yokhayo iposa K2.6 miliyoni. Ziwerengerozi ndi chitsanzo chabe choti muone kayendedwe kake. Chenicheni chitengeni ku ofesi ya MRA kapena kwa ajenti wokhala ndi chilolezo, mutawapatsa nambala ya chasisi, chaka ndi kukula kwa injini, musanatumize ndalama iliyonse ku Lusaka.

Wa zamagalimoto ku Chipata:
Za msonkho afotokoza bwino akuluwo. Ine ndinene za mbali ya kuno ku Zambia, chifukwa anthu ambiri amagwa asanafike n'komwe pa boda.

White book muione yeniyeni, osati chithunzi cha pa WhatsApp kapena fotokope. Dzina lili m'menemo lifanane ndi la pa NRC (chiphaso cha unzika cha ku Zambia) ya amene akugulitsayo. Ngati akuti "ndi ya achimwene anga" kapena "ndinagula koma sindinasinthe dzina", muwauze akasinthe kaye ku RTSA, yomwe ndi Road Traffic ya kuno ku Zambia, kapena abwere ndi mwini dzinalo. Muonenso pomwe palembedwa absolute owner. Pakakhala dzina la banki kapena kampani yobwereketsa ndalama, galimotoyo ili pa ngongole, ndipo siingachotsedwe m'kaundula popanda kalata ya bankiyo yonena kuti ngongole inatha. Ikakhala ya kampani pafunika kalata ya kampaniyo yololeza kugulitsa. Ikakhala ya munthu amene anamwalira pafunika mapepala a ku khoti osonyeza amene akuyendetsa chuma cha masiye. Mawu a mwana wa malemu paokha sakwanira.

Kalata yogulitsira ilembedwe bwino: maina onse awiri, nambala za ziphaso zanu, mtundu ndi utoto wa galimoto, nambala ya chasisi, nambala ya injini, mtengo, tsiku, ndi mboni. Ikadindidwa ndi commissioner for oaths, munthu wololedwa ndi lamulo kulumbiritsa anthu, imalemera kwambiri. Mupemphenso pepala la ZRA lomwe galimotoyo inalowera nalo m'Zambia. Ngati lilipo, ndi umboni woti siinalowe mozemba.

Kenako ku polisi, ku nthambi ya Interpol. Amaiona galimoto ndi maso, kuyerekeza nambala zodindidwa pa chitsulo ndi za m'buku, n'kufufuza ngati siinanenedwe kuti inabedwa kwina. Zikakhala bwino amapereka chiphaso cha SARPCCO, chomwe apolisi a m'maiko a kum'mwera kuno amachizindikira. Chiphaso chimenechi chili ndi tsiku lothera, ndiye musachitenge n'kukhala nacho miyezi galimoto ili pa khomo. Chikatuluka, mwini wake apite nanu ku RTSA kukaichotsa m'kaundula wa Zambia kuti ikutuluka m'dziko. Popanda zimenezi galimoto imodzi ikhala ndi maina m'maiko awiri, ndipo kwanuko akukanizani kulembetsa. Pomaliza pali pepala la ZRA lotulutsira katundu, lomwe ajenti amalemba.

Langizo langa pa ndalama ndi ili: gwirizanani kuti gawo lalikulu muperekera Interpol itaivomereza galimoto. Wogulitsa woona mtima sakana kupita nanu ku polisi. Amene akuzembazemba, akuti "zimenezo mukapanga nokha pa boda", musiyeni.

Membala wina:
Bwanji zonsezi? Ingouzani mwini wakeyo ailowetse yekha pa TIP (chilolezo cholowetsera galimoto kwa kanthawi) ngati wabwera kudzacheza, akusiyireni makiyi, muziyenda ndi nambala ya ku Zambia. Mwezi ukatha mukadinditsanso pa Mchinji. Anthu akuchita.

Wokiliya katundu pa boda:
Akuchitadi, ndipo ena mwa magalimoto omwe mumaona atafoleredwa ndi fumbi pa bwalo la MRA analowa choncho. TIP ndi ya mlendo amene wabwera ndi galimoto yake ndipo abwerera nayo. Imalembedwa m'dzina lake ndi pasipoti yake, ya masiku owerengeka, kawirikawiri 30. Mmalawi wokhala kuno akapezeka pa rodibuloko akuyendetsa galimoto ya TIP ya munthu amene anabwerera kale kwawo, galimotoyo imagwidwa. Poitulutsa mulipira duty yonse ija mumaithawa, kuphatikiza chindapusa ndi ndalama ya malo omwe yakhala ikusungidwa. Mukachedwa kwambiri imakagulitsidwa pa okushoni.

Palinso china chomwe anthu saganizira. Galimoto yolowa pa TIP imakhala isanachotsedwe m'kaundula wa Zambia, ndiye m'malamulo ikadali ya wogulitsa uja. Tsiku lomwe mudzafune kukonza mapepala mudzamufunanso iye, ndipo ngati anasintha nambala ya foni kapena anamwalira, mwatsala ndi chitsulo chosalembetseka.

Pali njira imodzi yovomerezeka yolowetsera galimoto osalipira duty, ya Mmalawi amene wakhala kunja nthawi yaitali ndipo akubwerera kudzakhazikika, atakhala ndi galimotoyo m'dzina lake kwa chaka kapena kuposerapo. Amafuna umboni wa zonsezi, ndipo galimoto yotero simungoigulitsa mwachisawawa ikalowa. Kwa amene afunsawa, okhala ku Lilongwe, njira imeneyi palibe. Kubwereka dzina la m'bale wokhala ku Zambia ndi mlandu wozemba msonkho.

Makaniko:
Mapepala akhoza kukhala oyera galimoto ili yodwala, ndiye tengani makaniko wanu, osati wobwera ndi wogulitsa.

Yambani ndi nambala ya chasisi. Magalimoto opangidwira msika wa ku Japan sakhala ndi nambala ya zilembo 17 ngati a ku South Africa. Sienta ya zaka zimenezo imayamba ndi NCP81 ikakhala yoyendera matayala akutsogolo, NCP85 ikakhala ya 4WD, kenako kamzere ndi manambala asanu ndi awiri. Musakhutire ndi kambale ka aluminiyamu kokhomedwa ndi ma rivet, chifukwa kameneko kamasinthika. Pezani pomwe nambalayo inadindidwa pa thupi lenileni la galimoto, pukutani ndi kansalu ka petulo, muunike ndi tochi cham'mbali. Manambala a ku fakitale amakhala ofanana kukula, kuya ndi mpata. Mukaona zokhulidwa ndi girenda, zowotcherera mozungulira malowo, kapena penti watsopano pamalo okhawo pamene ponse pali pakale, bwererani. Gwirani ndi chala kuseri kwa chitsulocho ngati dzanja likufika. Powotcherera pamamveka tokhakhala.

Injini ndi 1NZ-FE, nambala yake ili pa buloko. Ma Sienta ambiri agwirapo ntchito ya taxi ndipo ena anasinthidwa injini. Kusintha injini si mlandu, koma ngati ya m'galimoto ikusiyana ndi ya mu white book, mwini wake akakonzetse ku RTSA ndi lisiti la komwe anagula injiniyo musanapite ku Interpol. Mukalowa nayo chonchobe, vutolo likutsatirani mpaka ku Lilongwe.

Chaka nachonso chitsimikizeni. Chaka chomwe inalembetsedwa ku Zambia ndi chaka chomwe inapangidwa ndi zinthu ziwiri, ndipo msonkho umatsatira chopangidwa. Onani kansalu kosokedwa kumunsi kwa lamba wa mpando, kamakhala ndi chaka. Nambala ya chasisi ija mutha kuifufuzanso pa intaneti.

Pa giya bokosi ndi pomwe pamapita ndalama. NCP81 ili ndi giya bokosi ya otomatiki ya mtundu wa CVT, ndipo CVT imafuna mafuta akeake. Ambiri amathiramo ATF, oyilo wamba wa giya bokosi ya otomatiki, chifukwa ndi wotchipa, lamba wa mkati n'kuyamba kuterereka. Iyendetseni itatentha, osachepera mphindi 20, mukwere nayo chitunda. Ikamanjenjemera ponyamuka, ikamalira ngati mluzu, kapena injini ikamakwera mawu liwiro osawonjezeka, giya bokosiyo ili m'njira. Injiniyi ili ndi tcheni, osati timing belt, ndiye mverani poilizitsa m'mawa ili yozizira. Phokoso la tcheni la masekondi angapo ndi chizindikiro choti oyilo sankasinthidwa pa nthawi yake. Potembenuza kiyi muone kuti nyali ya check engine ndi ya airbag zayaka kenako n'kuzima. Zikapanda kuyaka n'komwe, wina anachotsa mababu.

Za ma kilomita pa dashibodi musazikhulupirire kwambiri. Onani kutha kwa chiwongolero, mphira wa pa buleki ndi mpando wa dalaivala. Zitseko zotsetsereka zija muzitsegule ndi kutseka kangapo, ma roller ake amatha msanga pa galimoto yomwe yanyamula anthu.

Ulendo wa Lusaka mpaka Chipata ndi pafupifupi makilomita 570 pa Great East Road, ndipo chigawo cha ku Luangwa chili ndi zitunda, makona ndi kutentha. Musananyamuke sinthani oyilo ndi fyuluta, onani madzi a mu radiator, ma pad a buleki ndi tayala la sipeya ngati lili ndi mpweya. Nyamukani m'mamawa, musayende usiku.

Membala wosatchula dzina:
Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Ndiye ikachotsedwa m'kaundula ku RTSA, ndiyenda nayo bwanji mpaka pa boda popanda nambala? Nanga inshuwalansi ya mwini wakeyo indikwanira? Ndipo pa Mchinji penipeni ndikafikira kwa ndani?

Wa zamagalimoto ku Chipata:
Mufunse ku RTSA komweko chilolezo chongoyembekezera choyendera pa msewu, musatuluke pa geti popanda pepala. Ena amaona chapafupi kubwera nayo ku Chipata ikadali ndi nambala zake, mwini wake ali momwemo, n'kudzamalizira kuno, poti ofesi ya RTSA ilipo ndipo boda ya Mwami ili pafupi. Mufunsiretu ngati zonse zomwe mukufuna zingathekere kuno musanasankhe. Pa msewu pali ma toll gate, ndiye sungani makwacha a ku Zambia m'thumba. Ndipo pokambirana mtengo muzinena momveka kuti ndi kwacha iti, kalata yogulitsira ilembe ZMW kapena MWK.

Mayi wa za inshuwalansi:
Inshuwalansi ya mwini wakale musaidalire, bambo. Inalembedwa m'dzina lake, ndipo galimoto ikagulitsidwa kampani ikhoza kukana kulipira ngozi itachitika inu muli pa chiwongolero. Gulani yanu ya third party ya masiku ochepa yoyendera ku Zambia. Yellow Card ya COMESA imagwira ntchito m'maiko onse awiri, koma ndi ya galimoto yokacheza kunja n'kubwerera, ndipo imaperekedwa pamwamba pa inshuwalansi ya m'dziko lomwe galimotoyo inalembetsedwa. Yanuyi ikusamuka, ndiye chofunika ndi inshuwalansi ya kampani ya ku Malawi kuyambira tsiku lomwe yatuluka pa boda. Imatheka kulembedwa pa nambala ya chasisi nambala ya galimoto isanatuluke, n'kudzaikonza pambuyo.

Muonetsetse kuti amene akukugulitsani ndi wa kampani yodziwika ndipo akupatsani lisiti. Pa maboda pamakhala anyamata ogulitsa mapepala okongola omwe kampani yake siiwadziwa. Third party imalipira amene mwamugunda, osati galimoto yanu. Ngati ndalama zomwe mwathira pa galimotoyi ndi zongongola, ganizirani comprehensive, yomwe imalipiranso galimoto yanu, ndipo mtengo woti mulembetse ndi wa galimoto pamodzi ndi duty, osati womwe munagulira ku Lusaka wokha. Mukadzafuna kuinyamulitsa anthu olipira, nenani poyambirira, chifukwa ya galimoto ya pakhomo siilipira pasinjala wa taxi.

Wokiliya katundu pa boda:
Kuyambira December 2022 Mwami ndi Mchinji ndi boda ya malo amodzi, ndiye pobwera ku Malawi simuima kawiri ngati kale; a ZRA ndi a MRA mumathana nawo pamalo amodzi. Ajenti mumupezeretu musanafike, ndipo mufunse dzina la kampani yake muone ngati ili ndi chilolezo cha MRA. Amene akuthamangirani pa geti atanyamula faelo ambiri ndi madobadoba, amakatenga ntchito yanu n'kukaipereka kwa ajenti weniweni ataikapo yawo.

Mukhale ndi TPIN yanu (nambala yolipirira msonkho ku MRA) ndi chiphaso cha unzika. Ajenti alemba Form 12, pepala lofotokoza katundu wolowa, mu ASYCUDA, kompyuta ya MRA, ofisala aiona galimoto, kenako patuluka pepala losonyeza msonkho. Ndalama ya msonkho mukalipire nokha ku banki m'dzina la MRA, mutenge lisiti. Ajenti mumupatse ya ntchito yake yokha. Asanatumize Form 12 muwerenge nokha nambala ya chasisi chilembo ndi chilembo, muli pafupi ndi galimoto. Pomwe anthu amalakwitsa ndi 0 ndi O, 1 ndi I, 8 ndi B, 5 ndi S. Chilembo chimodzi chikaphonyeka chimalowa mu CCC, chiphaso chosonyeza kuti MRA yathana nayo, ndipo ku Road Traffic kompyuta ikana. Kukonza kwake ndi kubwerera kwa ajenti yemweyo ndi ku MRA, masabata n'kumapita. Dzina la pa CCC likhale lanu, lolembedwa monga liliri pa chiphaso chanu, osati la dalaivala amene mwamutuma.

Fikani pakati pa sabata, m'mawa, ndalama ya duty ili kale mu akaunti. Galimoto yofika Lachisanu madzulo mwini wake akuyembekeza kuti wina amutumizire ndalama imagona pa boda.

Wothandiza anthu ku Road Traffic:
Mukatuluka pa Mchinji mwatsala ndi makilomita pafupifupi 120 pa M12 kufika ku Lilongwe, ndipo mapepala onse a MRA akhale m'galimoto chifukwa pa rodibuloko awafunsa. Musayambe kuyenda nayo m'tauni ngati yalembetsedwa kale.

Choyamba ndi polisi ya kuno, ku Interpol. Chiphaso cha SARPCCO chochokera ku Zambia sichilowa m'malo mwa clearance ya ku Malawi, chimangoitsegulira njira. Mupite ndi galimoto yeniyeniyo, itatsukidwa pomwe pali nambala ya injini ndi ya chasisi, chifukwa aziwerenganso okha.

Inuyo mukhale kuti muli kale mu MalTIS, kaundula wa pa kompyuta wa ku Road Traffic. Ngati mulibe traffic register card, yambani ndi imeneyo ngakhale galimoto isanabwere: amajambula nkhope ndi kutenga zidindo za zala, ndiye simungatume munthu. Kenako ku DRTSS, komwe ndi ku Road Traffic, mupereke CCC, clearance ya polisi, mapepala a ku Zambia osonyeza kuti inachotsedwa m'kaundula, kalata yogulitsira ndi inshuwalansi. Aiyeza, mulipira ku banki ndi invoice yomwe akupatsani, akupatsani nambala, mukadinditsa ma plate kwa ovomerezeka, kenako COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu) ndi blue book.

Zogwetsa pa COF ndi zazing'ono zomwe mukadakonzeratu: galasi lakutsogolo losweka, matayala osalala, nyali imodzi yosayaka, handibuleki yosagwira, hutala, ma wiper, oyilo wodontha. Blue book ikatuluka musachoke pa kauntala musanawerenge dzina, chasisi, injini, utoto ndi chiwerengero cha mipando. Sienta imeneyo ndi ya anthu 7. Akalemba 5, inshuwalansi ndi apolisi a pamsewu adzatsatira zomwe zalembedwazo.

Mapepala a ku Zambia ndi malisiti a MRA ajambuleni pa foni ndipo muwasunge ngakhale blue book itatuluka. Wodzagula galimotoyo kwa inu, kapena a MRA akamayendera magalimoto olowa mozemba, adzafuna kuona CCC.

Membala wina:
Nanga akanangoitenga ya IT ku Dar bwanji, m'malo movutika ndi RTSA ndi Interpol ya ku Zambia?

Wokiliya katundu pa boda:
N'zotheka, koma awerenge kaye. Ya ku Dar ili ndi ndalama za pa doko, ajenti wa kumeneko, mafuta ndi dalaivala mpaka pa Songwe, komanso kudikira sitima, ndipo amagula galimoto yomwe angoiona pa zithunzi, ndi madola omwe ku banki sapezeka msanga. Ya ku Lusaka makaniko amaigwira ndi manja asanalipire. Alembe mizere iwiri pa pepala. Ku mbali ya Zambia aike mtengo wogulira, Interpol, RTSA, ajenti wa mbali zonse ziwiri, mafuta, ma toll gate, malo ogona, duty, inshuwalansi ndi Road Traffic. Ayerekeze ndi ya ku Dar, ayerekezenso ndi Sienta ya chaka chomwecho yomwe ili kale ndi blue book kuno. Kusiyana kukakhala kochepa, agule ya kuno, angosintha dzina.

Akulu amene munafunsa, pemphani wogulitsayo akutumizireni lero zithunzi zitatu: white book mbali zonse, nambala ya chasisi yodindidwa pa chitsulo, ndi kansalu ka pa lamba wa mpando. Mukapite nazo ku MRA mukamve msonkho wake. Musaike white book pa gulu pano, ili ndi dzina ndi adiresi ya munthu.